Mafunso a Makolo: Kusankhira Mwana Sukulu ya International

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za masukulu otsata maphunziro akunja, kuyambira ku mkaka mpaka mwana wa zaka 14. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Mwana wanga wakwanitsa zaka zitatu. Kuno kwathu sukulu iliyonse yatsopano ikudzitcha International. Ndingadziwe bwanji kuti iyi ndiyo yeniyeni? (Mayi a ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Mayi, chikwangwani chisakutengeni mtima, pakuti mwini sukulu aliyense angathe kulembapo zomwe wafuna. Umboni uli m'mapepala ndi m'kalasi.

Yambani ndi chiphaso cha boma. Pulayimale ndi sekondale zimalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, pomwe sukulu za mkaka zimayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha ana. Pemphani kuti muchione ndi maso anu, ndipo dzina ndi malo olembedwapo zigwirizane ndi pomwe mwaimapo. Sukulu ikati ndi ya Cambridge, kutanthauza kuti imatsata silabasi ndi mayeso a bungwe la Cambridge la ku England, iyenera kukhala ndi nambala ya senta, ndipo dzina lake limapezeka pa tsamba la intaneti la bungwe la Cambridge. Ikati ndi ya IB (International Baccalaureate, ndondomeko ina ya maphunziro yotsatidwa m'maiko ambiri), nayonso mukaipeza pamndandanda wa IB. Mukamva kuti ndi "candidate school", dziwani kuti ikadali pamzere wofunsira, sinavomerezedwe. Kugula mabuku osindikizidwa ku Cambridge sikupatsa sukulu chilolezo chilichonse. Pali mabungwe enanso oyendera ndi kuvomereza masukulu a international, monga CIS ndi COBIS, koma apa samalani: kungokhala membala n'kosiyana ndi kuyenderedwa n'kuvomerezedwa. Funsani kuti oyendera anabwera liti ndipo lipoti lawo lili kuti. Pulayimale yotsata silabasi ya ku England ingathe kukhala yabwino popanda nambala ya Cambridge. Chomwe timakana ndi sukulu kudzitama ndi zomwe ilibe.

Mapepala akakhala bwino, pitani tsiku wamba cha m'ma 9 koloko m'mawa, osati tsiku lomwe akonzekera alendo. Werengani ana ndi akuluakulu m'kalasi la mwana wanuyo. Ku England, komwe masukulu ambiriwa amati amatsanzira, lamulo la ana a zaka zitatu ndi zinayi ndi wamkulu mmodzi pa ana 8, kapena pa ana 13 ngati ali mphunzitsi wa satifiketi. Mukapeza ana 25 ndi mayi mmodzi, tulukani.

Kalasi labwino la msinkhu uwu limakhala ndi phokoso la ana otanganidwa. Mupeza mchenga, beseni la madzi, timatabwa tomangira nyumba, ndi mabuku pa shelefu yomwe mwana angafikire yekha. Yang'anani zojambula pakhoma: zikafanana zonse, ndiye kuti dzanja ndi la aphunzitsi. Muonenso kuti mphunzitsi akamalankhula ndi mwana wolira amagwada kuti ayang'anane naye maso kapena amangokuwa ali chiimire. Mwana wa zaka zitatu wokhazikidwa padesiki ola lathunthu kukopera zilembo, n'kupatsidwanso ntchito yokalembera kunyumba, akupanikizidwa tizala tisanakhwime, ndipo ambiri otere amayamba kudana ndi pensulo.

Musachoke musanalowe m'chimbudzi cha ana. Muone ngati chili chaching'ono pamsinkhu wawo, ngati muli sopo, ndi ngati pali thanki madzi a m'mipope akasiya. Dziwe losambiramo likhale ndi mpanda wokhoma. Pageti funsani mlonda funso ili: atabwera munthu kunena kuti ndi amalume a mwanayu, mungatani? Kwa ahedi funsani ngati onse ogwira ntchito, kuphatikizapo madalaivala ndi alonda, anabweretsa kalata ya kupolisi, komanso kuti mwana akatentha thupi amamusunga kuti, amaimbira ndani, ndipo amathamangira naye chipatala chiti. Funso lomaliza, lomwe limaulula zambiri, ndi loti aphunzitsi a kalasili akhala zaka zingati pasukulupo. Komwe aphunzitsi amasintha chaka ndi chaka, kawirikawiri malipiro kapena utsogoleri sizili bwino, ndipo wovutika amakhala mwana.

FUNSO: Wanga ali ndi zaka 10. Ena akuti Cambridge ndiyo yabwino, ena akuti IB. Nditsate iti? (Bambo a ku Namiwawa, Blantyre)

YANKHO: Bambo, yankho lili pa funso lina: mukufuna kuti mwanayu adzatsirizire kuti, ndipo thumba lanu lidzamufikitsa pati?

Njira ya Cambridge ndi ya masitepe oonekeratu. Primary ndi ya zaka 5 mpaka 11, Lower Secondary 11 mpaka 14, IGCSE 14 mpaka 16, kenako A Level. Pakutha pa pulayimale ndi pa Lower Secondary pali mayeso a Checkpoint a Chingerezi, masamu ndi sayansi, omwe amachongedwa ndi a Cambridge. Awa sasankhira mwana sukulu ngati a Sitandade 8. Amangoonetsa pomwe walimba ndi pomwe watsalira. IB, yomwe inayamba mu 1968 ku Geneva, ili ndi gawo la ana aang'ono lotchedwa PYP, la zaka 3 mpaka 12, ndi la okulirapo lotchedwa MYP, la zaka 11 mpaka 16. Kumeneko ana amaphunzira kwambiri pofufuza okha mitu yolumikiza maphunziro angapo, ndipo chaka chomaliza cha MYP aliyense amachita ntchito yakeyake yotchedwa Personal Project. M'dziko muno, Bishop Mackenzie ku Lilongwe imatsata IB, St Andrew's ku Blantyre imatsata njira ya ku Britain, ndipo Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, imalembetsa IGCSE ndi A Level.

Maganizo athu ndi akuti kwa banja lomwe likhalabe m'Malawi, njira ya IGCSE ndiyo yosavuta kusamukamo, chifukwa masukulu ake ndi ochulukirapo ndipo mitengo ndi yosiyanasiyana. IB imathandiza kwambiri banja loyendayenda m'maiko. Koma IB yopanda aphunzitsi ophunzitsidwa bwino imasiya mwana wodziwa kulankhula pagulu koma wogwedera pa masamu, monganso Cambridge yongoloweza mapepala akale imasiya mwana wosatha kuganiza yekha. Pemphani makope a ana a Year 6, kalasi lomaliza la pulayimale m'njira ya ku England, muone ngati aphunzitsi amalembamo ndemanga yothandiza kapena amangochonga.

Chomwe makolo ambiri amachizindikira mochedwa ndi ichi: masukuluwa sakonzekeretsa ana mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) a MANEB, ndipo kusankhidwira ku sekondale ya boma kumadalira mayeso amenewo, omwe muli ndi pepala la Chichewa. Ngati mukuona kuti fizi ya sekondale ya international simudzaikwanitsa, musadikire mpaka mwana afike Year 8. Konzani msanga kuti alowe silabasi yathu ali ndi zaka zosachepera ziwiri zokonzekera.

FUNSO: Tikubwerera kumudzi kuchokera ku Johannesburg mu Disembala. Mtsikana wathu akhala atamaliza Grade 4. Akalowa kalasi liti? (Mayi a ku Joni)

YANKHO: Manambalawa asakusokonezeni, Mayi. M'njira ya ku England mwana amalowa Year 1 mu Sepitembala ngati wakwanitsa zaka 5 pofika pa 31 Ogasiti. Choncho nambala ya Year imatsogola ndi imodzi: wa msinkhu wa Grade 4 kapena Sitandade 4 amakhala wa Year 5. Vuto lanu ndi kalendala. Ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, pomwe kuno mudzapeza anzake atatha kale teremu imodzi. Sukulu idzayang'ana tsiku lake lobadwa ndi mayeso olowera, n'kusankha pakati pa Year 5 ndi Year 6. Musalimbikire kuti adumphe. Ndi bwino abwerezeko miyezi ingapo kusiyana n'kulowa kalasi lomwe waphonya chiyambi chake. Musanyamuke opanda malipoti a zaka ziwiri, kalata yosamukira ndi khadi la katemera.

FUNSO: Sukulu yomwe ndaikonda imatchula fizi m'madola koma ine ndimalandira makwacha. Teremu yoyamba ndingakwanitse. Ndiyambe? (Bambo a ku Zomba)

YANKHO: Musayambe musanawerengere ulendo wonse. Kuchokera ku mkaka pa zaka zitatu kufika Year 9 ndi zaka 11, omwe ndi materemu 33, ndipo kufika pa IGCSE ndi materemu 39. Fizi imakweranso mwana akamakwera makalasi. Kumbukirani za mu Novembala 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti: dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Kholo lomwe linali ndi bilu ya madola 1,000 linafunika kupeza K520,000 yowonjezera, malipiro ake ali omwewo.

Pemphani mitengo yonse yolembedwa papepala. Pambali pa fizi pamakhala ndalama ya fomu yomwe sibwezedwa, yolembetsera, ya chitukuko cha sukulu, dipoziti, yunifolomu ndi zovala zamasewera, basi, chakudya, maulendo, ndipo kwina amalipiritsa padera mwana akafuna thandizo lapadera pa kuwerenga. Mayeso a IGCSE amalipiridwa phunziro lililonse palokha. Funsani kuti amasintha dola pa mtengo uti ndi wa tsiku liti, ngati pali mtengo wa Amalawi, ngati amachotserako mwana wachiwiri, ndiponso mitengo ya zaka zitatu zapitazi kuti muone kakweredwe kake. Werengani mgwirizano musanasayine: masukulu ambiri amafuna muwadziwitse teremu yathunthu musanachotse mwana, apo ayi mumalipira teremu yomwe sanaphunzire kapena dipoziti imapita.

Mukaona kuti simungakwanitse zaka zonse, ikani ndalama pa zaka za sekondale. Mwana wamng'ono angathe kupeza maziko olimba pa pulayimale yabwino ya mtengo wapakati, koma kumuchotsa pakati pa zaka ziwiri za IGCSE kumamupweteka kwambiri.

FUNSO: Aphunzitsi a mwana wanga wa zaka zisanu akuti tisiye kumulankhula Chichewa kunyumba kuti Chingerezi chilowe msanga. Agogo ake samva Chingerezi. Titani? (Mayi a ku Mzuzu)

YANKHO: Musasiye, Mayi, ndipo langizo limeneli likutidetsa nkhawa. Mwana amene chilankhulo chakwawo chakhazikika amamangirapo chachiwiri mosavuta, chifukwa luso lofotokoza nkhani, kufunsa ndi kuwerengera silisankha chilankhulo. Katswiri wa ku Canada, Jim Cummins, anaonetsa kuti Chingerezi chochezera chimabwera m'zaka ngati ziwiri, koma cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. Kuletsa Chichewa sikufupikitsa zaka zimenezi. Kumangomulanda mwana nthano ndi malangizo a agogo ake. A IB eni ake amafuna kuti sukulu iliyonse yawo ikhale ndi ndondomeko yolembedwa ya zilankhulo yosamalira chilankhulo cha kwawo kwa mwana.

Kusakaniza mawu a zilankhulo ziwiri pa msinkhu uwu si matenda. Chomwe muyenera kufunsa aphunzitsiwo ndi mmene akuphunzitsira kuwerenga: kodi pali nthawi ya tsiku ndi tsiku yophunzira maliwu a zilembo, ndipo mwana amabwera ndi kabuku kogwirizana ndi maliwu omwe waphunzira? Kunyumba muwerengereni mphindi 15 madzulo alionse, lero m'Chingerezi mawa m'Chichewa, ndipo agogo apitirize kucheza naye monga mwa kale. Mukaona kuti akuvutika kumva kapena kupanga ziganizo m'zilankhulo zonse ziwiri, osati Chingerezi chokha, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu kaye, kenako mupemphe kuonana ndi mphunzitsi woona za ana ofuna thandizo lapadera.