Afulagombe awiri ofanana

Funso: Akonzi, ndimaona afulagombe obiriwira m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Ndingasiyanitse bwanji Merops pusillus ndi Merops boehmi? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Yambani mwayang'ana pakhosi, bambo. Pusillus ndi wamng'ono, masentimita 15 mpaka 17, khosi lachikasu lokhala ndi kamzere kakuda kunsi kwake, pamutu pobiriwira. Boehmi ngofiirira pamutu ndi pakhosi, ndipo nthenga ziwiri zapakati pa mchira n'zazitali. Komatu mchira wokha musaudalire, nthengazo zimathothoka. Anapiye a pusillus amasokonezanso anthu chifukwa sakhala ndi kamzere kakuda kaja. Pusillus amatera pafupi ndi nthaka, paudzu kapena bango. Boehmi amakonda mithunzi ya mitengo ya m'mbali mwa Shire, makamaka kunkhalango ya Liwonde.