Kodi Earl Strickland amalusa dala?

Achimwene, mwafunsa ngati Earl Strickland, katswiri wa ku America wa masewero a pool (ogwetsa mipira m'mabowo a pa tebulo ndi ndodo), amalusa dala kuti asokoneze amene akupikisana naye. Ine ndikuona kuti ayi, mkuluyu ndi wa mtima wapachala basi. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2003 ku Cardiff, akusewera ndi Steve Davis, anakangana ndi oonerera mpaka kukalipira woimbira, Michaela Tabb, kenako n'kudzapepesa ndi maluwa. Mu 2006, pa Mosconi Cup, mpikisano wa matimu a America ndi Ulaya, anathyola ndodo yake poimenyetsa pansi ataphonya. Wochita dala angathyole ndodo yakeyake?

Komabe sindikumuikira kumbuyo. Mu pool ukaphonya umakakhala pampando, mnzako n'kumagwetsa mipira, ndiye ukamalongolola nthawi imeneyo umamusokoneza ndithu, kaya wachita dala kaya ayi. Woimbira azimuchenjeza msanga, olo akhale munthu woti anapambana mpikisano waukulu wa pool wa US Open kasanu.