Popempherera wodwala, musamusenzetse katundu wina

Mdzukulu wanga, wandifunsa za mayi ako amene akudwala chaka chachiwiri tsopano. Mwapemphera mpaka mawu kusasa, ndiye wina wawauza kuti akuchedwa kuchira chifukwa akumwabe mankhwala, ati kumeneko n'kukayikira Mulungu. Anzako ambiri amafunsa zomwezi, choncho ndiyankha nonse pamodzi.

Mankhwalawo asasiye. Munthu amene amamwa ma ARV akadukiza, kachilombo kamachulukanso m'magazi pakangotha masabata ochepa, ndipo kangathe kusiya kumva mankhwala omwe ankakagonjetsa. A TB amamwedwa miyezi 6 yathunthu, ngakhale chifuwa chitaleka mwezi wachiwiri. Wa khunyu akasiya mwadzidzidzi amatha kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka. Wa shuga wobaya insulin asalowe m'kusala kudya asanafunse dokotala, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera kenako n'kukomoka, omuzungulira ali kalikiliki kuimba poyesa kuti mzimu ukugwira ntchito.

Baibulo silimenyanitsa pemphero ndi mankhwala. Mulungu atalonjeza Hezekiya zaka zina 15, Yesaya yemwe anabweretsa uthengawo ndi amene analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa cha mfumuyo (2 Mafumu 20:7). Akhate khumi aja Yesu anawatumiza kwa ansembe, omwe pa Levitiko 13 ndi 14 anapatsidwa ntchito yoona khungu n'kugamula ngati munthu wachira. Ndiye amene akukhulupirira kuti wachiritsidwa apite akayezetse. Wochepetsa kapena kuletsa mankhwala akhale yemwe anawalemba.

Ndondomeko ya pemphero la odwala ili pa Yakobo 5:14-16, ndipo ndi yosavuta kuposa mmene ambiri amaichitira. Woitana ndi wodwalayo. Oitanidwa ndi akulu a mpingo, anthu omudziwa, amene adzabweranso sabata yamawa kaya wachira kaya sanachire. Awiri kapena atatu akwana. Asambe m'manja, akhale pansi kuti maso awo alingane ndi a wodwala, ndipo amufunse chimene akufuna kuti apempherere. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri satchula n'komwe nthendayo. Amatchula ana, kapena mantha amene amamugwira usiku onse akagona. Musanamusanjike manja pemphani chilolezo, ndipo pewani pabala, popangidwa opaleshoni ndi pamene pali diripi. Mafuta ndi kadontho pachipumi, m'dzina la Ambuye. Si omwetsa, si othira m'maso kapena pachilonda. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zakwana. Wodwala amatopa msanga koma amachita manyazi kukuuzani, ndipo Mulungu si wogontha kuti mpaka mukuwe.

Mafuta kapena madzi akakhala ndi mtengo, bwererani nazo ndalama zanu. Pa Mateyu 10:8 ophunzira anauzidwa kuti apereke kwaulere popeza analandira kwaulere, ndipo Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:20).

Yakobo akunenanso za kuululirana machimo, ndipo apa ndi pamene anthu amapweteka anzawo. Mawuwo akuti wina ndi mnzake. Si bwalo lofunsa wodwala mafunso mpaka avomere tchimo limene sanachite. Chimene wanena pamphasa ya matenda chithere pomwepo, chisakatulukire kumpingo chitavala dzina lakuti pempho la pemphero.

Tsono za mawu aja akuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro n'chochepa. Mawu amenewa ndi ankhanza, ndipo ndi abodza. Ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake (Yohane 9:3). Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, koma sunachoke. Paulo yemweyo, amene anachiritsa anthu ambiri, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20). Kodi ameneyu tinganene kuti analibe chikhulupiriro? Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete. Atangotsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa cha mavuto ake, analakwa, mpaka Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri aja (Yobu 42:7).

Matenda otalika amadwalitsanso mtima. Mayi ako akamalira kapena kufunsa kuti Mulungu ali kuti, usawatseke pakamwa ndi vesi. Awerengere Salimo 13 kapena 88, aone kuti kudandaula pamaso pa Mulungu nalonso ndi pemphero. Eliya atagona pansi pa mtengo n'kupempha kufa, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, n'kumusiya agonenso, kenako n'kumudyetsa kachiwiri (1 Mafumu 19:4-8). Koma munthu akatha masabata awiri osagona bwino, osafuna kudya, osakondwa ndi kalikonse, amenewo angakhale matenda a maganizo ofunika chipatala. Akanena kuti bola kufa, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera musamusiye yekha, chotsani zingwe, poizoni ndi mapiritsi ambiri pafupi naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Iweyonso usadwazike wekha. Lemba masiku asanu ndi awiri papepala, upemphe abale ndi a mpingo aliyense atenge lake: wina wogona nawo, wina wochapa, wina wowaperekeza kukatenga mankhwala. Amene ananena zosiya mankhwala uja umupatsenso tsiku lake, makamaka la kuchipatala, kuti akamve yekha zimene dokotala akunena.