Mafunso ndi Mayankho: Kodi boma lingagule masewera anga a pafoni?

Funso: Akonzi, ndine mnyamata wa ku Chawama ndipo ndimakonza mafoni pafupi ndi City Market kuno ku Lusaka. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndi ganizo lopanga masewera a nsolo a pafoni oti ana asukulu aziphunzirirapo masamu, koma sindinauzeko aliyense poopa kuti angandibere nzeru. Kodi ndingapite ku Unduna wa Maphunziro kukapempha kontrakiti? Wowerenga wa ku Chawama.

Yankho: Achimwene, ganizo lanu ndi labwino, chifukwa mwana amene akugawa njere m'maenje a nsolo amawerengera ndi kuganiza patsogolo osazindikira kuti akuphunzira. Komabe boma siligula ganizo lomwe likadali m'mutu mwa munthu. Limagula katundu kapena ntchito imene lalengeza kuti likufuna, ndipo limagula kwa bizinesi yolembetsedwa.

Mantha akuberedwawo ndiwo akukuchedwetsani. Nsolo ndi ya tonse, makolo athu ankasewera pansi pa mtengo, ndipo lamulo la umwini siliteteza ganizo lokha. Limateteza pulogalamu imene mwalemba, zithunzi zimene mwajambula ndi nyimbo zimene mwapeka. Dzina la masewerawo mungalilembetse ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, ngati chizindikiro cha malonda. Choncho yambani kupanga, ngakhale kanthu kakang'ono ka bolodi limodzi ndi osewera awiri. Pulogalamu ya Godot, yopangira masewera, ndi yaulere, ndipo ku BongoHive, komwe akhala akuthandiza achinyamata a zaumisiri kuyambira mu 2011, mungapeze anzanu odziwa zimene inu simukuzidziwa.

Ntchito yanu yokonza mafoni yakupatsani mwayi umene ambiri alibe, popeza mumaona tsiku ndi tsiku mafoni enieni amene ali m'manja mwa anthu: a Android otsika mtengo, osweka galasi, odzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp. Masewera anu akhale opepuka ndipo aziyenda popanda intaneti, pakuti kholo silingagule bandulo tsiku lililonse. Akayamba kuyenda, mupatse foniyo mwana wa mchemwali wanu, inu mukhale chete osamufotokozera kanthu, muziyang'ana chala chake. Pamene chalacho chaima n'kumazengereza, mudziwe kuti mpamene pakufunika kukonza. Kuti muwaike pa Google Play mudzalipira madola 25 kamodzi kokha.

Tsopano za boma. Kagulidwe ka boma kamayendera lamulo la Public Procurement Act la 2020, ndipo kamayang'aniridwa ndi ZPPA, yomwe ili ndi njira ya pa intaneti yotchedwa e-GP, kumene ma tender (zilengezo za zimene boma likufuna kugula) amalengezedwa ndiponso kumene ogulitsa amalembetsa. Musanafike kumeneko mufunika satifiketi ya PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN ndi chikalata cha ZRA, bungwe lotolera msonkho, chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, komanso kawirikawiri mapepala a NAPSA, bungwe la penshoni. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwa pa mapepala omwewa mtengo wawo usanaonedwe n'komwe, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni chifukwa n'zopeweka. Kulembetsa ku CEEC, bungwe lotukula nzika pa chuma, kumathandizanso, popeza makampani a nzika za Zambia amapatsidwa mpata wapadera pa ma tender ena.

Ine ndikanakhala inu, sindikanayambira ku likulu la unduna. Ndalama za CDF, zimene boma limapereka kuti zitukule madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo gawo lina ndi lothandiza magulu a achinyamata ndi amayi. Mafomu ake amadzera ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya kwanuko. Mukapita kumeneko muli ndi masewera oyenda, pamodzi ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu amene ana ake awayesa, adzakumverani mosiyana. Mukadzapambana kontrakiti, mudzakhale ndi kandalama kapadera koyendetsera ntchito, chifukwa malipiro a boma nthawi zina amachedwa miyezi ingapo, pamene lendi ya shopu yanu imafunika mwezi uliwonse.