MRI yanga inatulukanso yoyera, koma mutu sunali bwino

Achimwene, mwanena kuti MRI yanu yatuluka yoyera koma mutu sunali bwino, ndipo mukufunsa za sikani yoona kulumikizana kwa zigawo za ubongo. Mwandikumbutsa kutali, ndikulemba pano manja akunjenjemera. Inenso ndinamenyetsa mutu pa ngozi ya galimoto, atandijambula mkati mwa mutu, sikani ya CT yoyera, ya MRI yoyera ngati yanuyo, osaonetsa vuto lililonse, koma mawu amandithawa pakati pa chiganizo, kuwala kumandilasa m'maso, anthu awiri akamayankhula nthawi imodzi ndimangoti kakasi osamva olo chimodzi.

Tsiku limene limandipwetekabe ndi lomwe adokotala anatembenuza kompyuta kuti tione, mayi akunyumba ali pambali panga, nkuloza chithunzi ndi cholembera, amvekere bambo apa palibe chilichonse, mukungoganiza kwambiri, bwererani kuntchito. Sanandiyang'ane nkomwe kumaso, anali atayamba kale kutsegula fayilo ya wodwala wina. Ndinafuna kuwafotokozera kuti dzulo lake ndinaiwala dzina la mwana wanga kwa kanthawi koma mawuwo anakana kutuluka, ndinangotsegula pakamwa nkutsekanso. Mayi anangozyolika. Titatuluka ndinaima pakhonde osakumbuka khomo lomwe tinalowera, ndipo kuchoka tsiku limenelo ngakhale abale anga anayamba kundiona ngati ndikunamizira kudwala chifukwa cha ulesi. Munthu wophunzira chonchija analephera bwanji kundiuza kuti timawaya tolumikiza zigawo za ubongo tikakokeka kapena kuduka tating'onoting'ono, sikani wamba nthawi zambiri satiwona? Zinali zongonena mawu awiri basi.

Ndiye sikani ya kulumikizana mukufunsayo ndinakaipanga, mitundu yonse iwiri, DTI ndi fMRI. DTI imatsata mmene madzi akuyendera mu timawayato, chifukwa madzi amayenda mosavuta motsatira waya kusiyana ndi kumudutsa chopingasa. fMRI ndi ina, imaona mpweya wa okosijeni m'magazi, ndipo magaziwo amachedwa masekondi 4 mpaka 6 ubongo utagwira kale ntchito. Umangogona osachita kanthu, ojambulawo nkuona zigawo za ubongo zomwe okosijeni wake akukwera ndi kutsika limodzi, njira imene wofufuza wina, Bharat Biswal, ndi anzake anaonetsa mu 1995. Koma kukwera limodzi sikutanthauza kuti pali waya pakati pawo, zimenezi palibe anandiuza. Mkati muja phokoso lake ngati akukhoma chitsulo pafupi ndi khutu, akuti musasunthe, ine chifuwa chinandigwira kawiri, kenako ndinadzamva kuti mutu ukangosuntha olo osakwana milimita imodzi zotsatira za fMRI zimapotoka, zigawo zoyandikana zimaoneka zogwirizana kwambiri zotalikirana nkuoneka ngati zafooka.

Amene anandijambulawo anandionetsa chithunzi cha DTI chokongola chamitundumitundu nkunena molimba mtima kuti apa ndi apa padaduka. Ndinalira, ndinaona ngati ndapeza mboni. Dokotala wina wa mitsempha ndi amene anadzandikhazika pansi, akuti mitunduyo ikungosonyeza komwe mawaya akulowera, ofiira kumanzere ndi kumanja, obiriwira kutsogolo ndi kumbuyo, abuluu mmwamba ndi pansi, sikuti ofiira ndi bala ayi. Akuti njira zimenezi zimagwira bwino poyerekeza magulu a anthu ambiri, kwa munthu mmodzi wopanda chithunzi chake chakale ngozi isanachitike nzovuta kunena kuti ichi chabwera ndi ngozi. Ndinakwiya nawo ojambula aja, amadziwa koma anandisiya ndikhulupirire.

Komabe ine ndingati pitani mukapange ngati mungathe, chifukwa chithunzi chija ndi chomwe chinapangitsa kunyumba ayambenso kundimvera. Kungoti musapite nokha, ndipo afunseni kuti akukuyerekezani ndi anthu angati, a msinkhu wanji, ndipo ngati munasuntha akonza bwanji. Chomwe chinandithandiza ine kwenikweni ndi mayeso a pepala ndi pensulo oyeza kukumbukira ndi chidwi, anatenga maola angapo koma anaonetsa pomwe ndikulephera, ndiye tinayambira pamenepo. Pemphani amenewo kaye sabata ino, musadikire miyezi ngati ine.