.17 HMR, .223 kapena .22-250 pa coyote?

Achimwene, mwafunsa ngati mfuti ya .17 HMR ingakwane posaka coyote, nkhandwe ya ku America, kapena mugule .223 Remington kaya .22-250. Ine ndingati .17 HMR isiyireni agologolo ndi ma prairie dog, tinyama ta m'mauna tofanana ndi agologolo. Kachipolopolo kake ka magreni 17 (greni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) n'kopepuka, mphepo imakakankha, ndipo nkhandwe ya ku America ija nthawi zambiri imathawa ndi bala.

Tengani .223. Zipolopolo zake n'zotchipa, sizisowa m'masitolo a mfuti, ndipo mpaka cha m'ma mayadi 300 imagwetsa bwinobwino. Zoona, .22-250 ndi yaliwiro, pafupifupi mafiti 3,700 pa sekondi ndi chipolopolo cha magreni 55, n'chifukwa chake amaikonda m'zigwa za tetete za Wyoming. Koma imadya mpope wa mfuti msanga, ndipo mukawombera pafupi imang'amba chikopa, chija mumafuna kugulitsa.