Mwala wa matani 6 wa ku Stonehenge sanabweretse ndi ma alien ayi

Mayi wina amene akukhala ku UK wanditumizira imelo, akuti mwana wawo wa zaka 13 anapita ndi asukulu kukaona Stonehenge, miyala ikuluikulu yakalekale yoimikidwa mozungulira ku England, chibwerereni kumeneko wangokakamira mavidiyo a pa YouTube ndipo pano akutsutsa nyumba yonse kuti miyala ija anaimika ndi ma alien, ngakhale kulembaku akuti anthu anachita kuphunzitsidwa ndi zinthu zochokera kumwamba. Akufunsa kuti amuyankhe chani.

Mayi, nkhani imeneyi imandiwawa kwambiri ine, nde mundipirire ndiyambire kutali.

Ndinakulira kunyanja, nthawi imene mabwato ankasemedwa kuphiri komwe kunali mitengo ikuluikulu. Malume atamaliza kusema lawo panatsala ntchito yolitsitsa. Azimayi anayamba kufulula mowa kudakali masiku, uthenga unapita m'midzi yoyandikana, tsikulo amuna analawira kusanache ndi zingwe. Anafe yathu inali yotola mitengo imene bwato ladutsapo kale nkuthamangira nayo kutsogolo kukaiyalanso pansi. Panali mkulu wina wosakoka nkomwe, yake inali nyimbo basi, akaponya mawu onse avomera nkukoka kamodzi, bwato nkusuntha mapazi atatu okha. Chingwe chinaduka potsetsereka, anthu anakangana za njira mpaka kutukwanana, manja a malume anatuluka matuza moti madzulo ake ankalephera kutema nsima. Koma linafika pamadzi. Nde wina akamati anthu sangasunthe mwala popanda thirakitala, ine ndimangodziwa kuti ameneyo sanakokepo chinthu ndi anzake.

Ku Stonehenge anthuwo anasiya zizindikiro zawo paliponse. Mu ngalande yozungulira malowa anapezamo nyanga za mbawala za kumeneko zimene ankakumbira, miyala yosulira inapezekanso, ndipo chapafupi pa Durrington Walls panali mudzi, nyumba zake ndi mafupa a nkhumba ambirimbiri, kusonyeza kuti ankadya phwando. Miyala ikuluikulu ija inaimikidwa cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe, ndipo mu 2020 zinadziwika kuti yambiri inachokera ku West Woods, makilomita 25 okha. Ing'onoing'ono ndi ya ku mapiri a Preseli ku Wales, makilomita oposa 200. Chimene chinadzidzimutsa aliyense ndi cha mu 2024, pomwe ofufuza a ku Curtin University ku Australia ndi anzawo a ku Wales anayeza timchenga ta m'kati mwa mwala wogona pakati pa malowa, wotchedwa Altar Stone, wa matani 6, nkupeza kuti kwawo ndi kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita oposa 700. Kaya unadzera panyanja kaya pamtunda akatswiri akukanganabe, koma taganizani midzi ingati inayenera kumvana kuti mwala umodzi udutse mtunda wonsewo. Kwa ine chodabwitsa chenicheni ndi chimenecho.

Ku Turkey, pa Göbekli Tepe, anthu anaimikanso miyala, ndipo ndi kalenso kwambiri, cha m'ma 9500 Yesu asanabadwe, zipilala zina zotalika mamita oposa 5 zojambulidwa nkhandwe, nguluwe ndi zinkhanira. Pomwepo pali pamene ankasema miyalayo ndipo chipilala china chidakali m'thanthwe, anachisiya osamaliza.

Ndipo ndinene mosabisa, nkhani ya ma alien ija ndi chipongwe, ifeyo aku Africa tikuyenera kukhala oyamba kuikana chifukwa inatichitikirapo. Azungu ataona makoma a Great Zimbabwe, otalika mpaka mamita 11 opanda matope kapena simenti, anati munthu wakuda sangamange zotere, ndi Afoinike, amalonda akale a kudera la Lebanon, kapena Mfumukazi ya ku Sheba. Katswiri wofukula zakale David Randall-MacIver anakumba mu 1905 nkunena kuti omanga ndi anthu a komweko, Gertrude Caton-Thompson anatsimikizanso mu 1929, komabe boma la Rhodesia linkakakamira bodzalo mpaka katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Dzana ankati Afoinike, lero akuti ma alien, mtima wake ndi womwewo wokana kuti anthu wamba ali ndi nzeru.

Za zilembo

Apa nde mpomwe mwana wanu angasangalale. Mu 1905 katswiri wofukula zakale Flinders Petrie ndi mkazi wake Hilda anapeza zolemba zachilendo ku Serabit el-Khadim, ku Sinai, pa migodi yomwe Aigupto ankakumba miyala yokongoletsera yotchedwa turquoise. Kumeneko kunkagwira ntchito anthu ochokera ku Kanani, ndipo olankhula chinenero chawo ndi amene anatenga tizithunzi tochepa ta Aigupto nkumati kalikonse kaimire liwu loyamba la dzina lake. Mutu wa ng'ombe unkatchedwa alef, nyumba bet, ndi makolo a A ndi B amenewo, tembenuzani A mozondoka muona nyanga. M'malo moloweza zizindikiro mazanamazana munthu ankangofunika zosakwana 30. Pali chipeso cha mnyanga wa njovu cha ku Lachish, ku Israel, chomwe analengeza mu 2022, cha m'ma 1700 Yesu asanabadwe, mawu olembedwapo ndi zilembo zoterezi akungopempha kuti chichotse nsabwe m'tsitsi ndi m'ndevu, ndipo m'mano mwake anapezamodi zotsalira za nsabwe. Munthu ngati ife, mutu ukumuyabwa. Mu 2024 Glenn Schwartz wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ananenanso kuti tizidutswa tinayi ta dothi totalika ngati chala, ta m'manda a ku Umm el-Marra ku Syria, cha m'ma 2400 Yesu asanabadwe, tingakhale ndi zilembo zakale kuposa zonse, koma akatswiri ena sanavomereze chifukwa zolembedwazo ndi zochepa kwambiri, nde pamenepo musathamange napo.

Mwanayo musamukalipire mayi, chidwi ali nacho ndi chabwino. Khalani naye pansi ndi foni yomweyo, mufufuze limodzi Altar Stone ndi chipeso cha ku Lachish, ndipo vidiyo iliyonse muzimufunsa kuti wakumba ndani, wapeza chani. Weekend ina mupite naye ku British Museum ku London, kulowa ndi ulere, ndipo kachiboliboli kena ka ku Serabit el-Khadim kokhala ndi zilembo zimenezi kamasungidwa komweko.